PASIPOTI, VIZA NDI NKHOSWE YA KUCILENDO



Masabata atatu apitawo anandifikira mai wina wamasiye wa ku Chinsapo, atakulunga mapepala m'mpango. Atakhala pansi anati, "Aphunzitsi, tandiwerengerani izi, pakuti Cingerezi ine sindicimva ai." Nkhani yao inali yotere: mwana wao wamkazi, namwali wa zaka 22, anampezera nchito kutsidya la nyanja munthu wina amene iwo sanamuonepo ndi maso, koma kumva mau ace okha pa foni. Munthuyo anati ndege adzalipira ndiye, viza adzakonza ndiye; namwali angopereka pasipoti yace ndi K300,000 ya kalembera. Theka la ndaramazo mai anatumiza kale, atagulitsa makina ao osokera. Ndinawerenga pepalalo kawiri. Panali cidindo cacikuru cofiira ndi cithunzi ca nyumba yosanja, koma dzina la mwini nchito panalibe, malipiro panalibe, ngakhale tsiku lobwerera panalibenso. Pamenepo ndinafunsa, "Mai, nanga mwana wanu akadwala kumeneko, mudzafunsa yani?" Iwo anangoyang'ana pansi.

Mafunso otere sacoka pakhomo panga masiku ano, ndipo ndaona kuti anthu athu ambiri, ngakhale ophunzira omwe, asokoneza zinthu zitatu zosiyana: pasipoti, viza, ndi munthu uja akuimirani m'dziko la eni. Cifukwa cace ndati ndilembe zimene malamulo anena pa zimenezi. Sindilemba kuti ndikuletseni ulendo, pakuti mtengo wa thumba la cimanga ndiudziwa monga muudziwa inu. Ndilemba kuti wopitayo adziwe cimene calembedwa pa pepala limene anyamula.

Ulendo wa kunja si wacilendo kwa ife. Agogo athu anamka ku migodi ya ku Joni ndi Wenela, ena ku minda ya ku Southern Rhodesia ndi Mthandizi, ndipo ena anangonyamuka okha pansi, amene anthu ankati aselefu. M'caka ca 1935 bungwe limene boma la Nyasaland linaika kuti lifufuze nkhaniyi linayesa kuti amuna ngati 120,000 anali kunja kwa dziko, ndipo ambiri a iwo sanabwerenso. Ndiwo machona aja agogo akazi anawalira mpaka imfa. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, nipha anchito a ku Malawi 74 amene analikubwerera kwao, ndipo Dr. Banda analetsa kalembera pomwepo. Anatsegulanso m'caka ca 1977 ndi dzina la TEBA, koma m'caka ca 1988 njirayo inatsekeka pa mkangano wa kuyeza magazi. Tsono taonani kusiyana kwace. Munthu wa Wenela anali nao mabvuto ace ambiri, pfumbi la mgodi ndi ukali wa akapitao, komatu anali nalo pangano lolembedwa, ndi nambala, ndi tsiku lobwerera, ndi gawo la malipiro losungidwa kuti akalandire kwao. Lero ambiri a ife tiri aselefu. Wotinyamulira mapepala palibe.

"Pasipoti ndiri nayo; nanga condiletsa nciani?"

Mlendo akafika m'mudzi amperekeza kwa mfumu, ndipo anena dzina lace, pfuko lace ndi mudzi wa kwao. Imeneyo ndiyo nchito ya pasipoti: boma la Malawi licitira umboni kuti munthu uyu ndi wathu. Koma yankho la mfumu ndi cinthu cina. Mfumu ikhoza kunena, "Gonani masiku awiri," kapena, "Khalani mwezi," kapenanso, "Nawu munda, limani." Yankho limenelo ndilo viza kapena pemiti, ndipo wolipereka ndiye mwini dziko, si boma lathu ai. Wololedwa kugona sanaloledwe kulima. Mau awa muwasunge, cifukwa zonse zotsatira zituruka m'menemo.

Pasipoti ituruka ku ofesi ya Immigration yokha, ndipo poifunsira afuna citupa ca unzika ca National Registration Bureau, cimene ambiri tinalembetsa m'caka ca 2017. Kalata ya ubatizo, imene ambiri adza kudzaipempha kwa ife pokonza ulendo, ndi yolemekezeka pa malo ace, koma silowa m'malo mwa kalata ya kubadwa yocokera ku boma. Kumayambiriro kwa 2024 makina osindikiza mapasipoti anaima masabata ambiri, ndipo m'caka comweco boma linatsitsa mtengo wa pasipoti wamba kucokera pa K90,000 kufika pa K50,000. Mizere ikatalika, madobadoba acuruka, cenjerani nao. Ndarama ya boma iri ndi risiti yace, koma yoperekedwa pansi pa mtengo iribe. Ndipo musalole munthu ali yense akusinthireni dzina kapena caka cobadwa kuti zinthu zifulumire, pakuti bodza lolembedwa m'pasipoti litsata munthu ngati mthunzi.

"Ku Joni safuna viza, kodi si comweco?"

Apa ndikhalitsa pang'ono, cifukwa m'nyumba zambiri za ku Biwi ndi ku Area 23 muli wina amene ali kumeneko. Basi yonyamuka ku Lilongwe ituruka pa cipata ca Dedza, niwoloka Zambezi pa Tete, nilowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, nidutsa Harare, nifika pa Beitbridge. Pamenepo Mmalawi wa pasipoti wamba safunsidwa viza. Amdindira masiku osapitirira 30. Ambiri ayesa kuti cidindo cimeneci ndico cilolezo ca zonse. Iai, nca mlendo wodzaceza. Sicilola nchito, ngakhale ya m'munda wa maluwa, ngakhale yolera ana a eni nyumba. Ndipo yang'anani tsiku limene alemba musanacoke pa zenera, pakuti nthawi zina apereka masiku ocepa kuposa amene munaganiza.

Kale wopitiriza masiku ankalipira faindi. Kuyambira mu May 2014 cilango cace ndico kutsekeredwa khomo. Wopitiriza masiku osaposa 30 aletsedwa kulowanso caka cimodzi; wobwereza kulakwako isanathe miyezi 24 aletsedwa zaka 2; wopitiriza masiku oposa 30 aletsedwa zaka 5. Pepala la ciletsoco amampatsa pa cipata poturuka. Ngati panali cifukwa ceniceni, monga kugona m'cipatala, munthu akhoza kulemba apilo kwa a Home Affairs pamodzi ndi umboni wa dokotala. Cotero makalata a kucipatala musataye.

Pofuna kuthawa cimeneci, ena atumiza pasipoti ndi munthu wa basi kuti akaidinditse ku malire mwezi ndi mwezi, mwini wace ali phee m'Joni. Ndidziwa kuti ambiri acita cotero nakhala zaka osagwidwa. Komatu zipata za masiku ano zisunga maina m'kompyuta, ndipo cidindo cimene ciri m'buku koma m'makina mulibe cisonyeza mwini wace. Pamenepo mlandu suli wa kupitiriza masiku, koma wa cinyengo, ndipo woyankha ndi mwini pasipoti. Wa basi uja ali pa ulendo wace.

Viza ya nchito ifunsidwa munthu akali kuno, kudzera kwa kazembe wa South Africa ku Lilongwe, pamodzi ndi pangano la mwini nchito ndi makalata a maphunziro, a polisi ndi a dokotala. Wolowa ngati mlendo saloledwa kusintha viza yace ali momwemo, kupatula owerengeka, monga mkazi kapena mwamuna kapena mwana wa nzika ya dzikolo, amene bwalo lalikuru linawatsegulira njira m'caka ca 2019. Kunena zoona, khomo limeneli ndi lopapatiza kwa munthu wopanda luso losowa. Anthu a ku Zimbabwe anapatsidwa pemiti yapadera kuyambira 2010, ndi a ku Lesotho pambuyo pace. Koma Amalawi sanapatsidwe yotere, ndipo wakugulitsani "pemiti ya Amalawi" akugulitsani mphepo.

Ena afunsa za pepala lija anyamata ati asailamu. Pepala limenelo nla munthu wothawa nkhondo kapena cizunzo. Wolitenga alumbira kuti aopa kubwerera kwao. Tsono akabwera ku Kawale pa Krisimasi ndi wailesi ndi mabulangete, watsutsa yekha lumbiro lace. Umphawi ndi wowawa ndithu, koma lamulo la othawa siliuwerenga, ndipo mapempho otere a Amalawi akanidwa kawiri kawiri.

Wogwidwa wopanda mapepala akhoza kulipitsidwa kapena kumangidwa, ndipo oyembekeza kubwezedwa kwao awasunga ku Lindela, m'dera la Krugersdorp. Ngakhale ali m'manja otero, munthu sanataye zonse. M'caka ca 2017 bwalo lalikuru la dzikolo linagamula kuti wosungidwa kuti abwezedwe aonekere kwa woweruza asanathe maora 48, ndipo lamulo silola kumsunga kupitirira masiku 120. Cinanso cimene ambiri sadziwa ndi ici: m'caka ca 2008 bwalo la za nchito linagamula kuti mlendo wopanda pemiti akali wanchito pamaso pa lamulo, cotero bwana akammana malipiro a thukuta lace, akhoza kukadandaula ku bungwe lija ati CCMA. Mabwana ena adikira kutha kwa mwezi, naopseza kuti aitana polisi. Koma bwana wolemba munthu wopanda pemiti alinso ndi mlandu wace, ndipo iye adziwa.

Za ana ndinene mwacidule. Mwana wobadwira ku Johannesburg kwa makolo Acimalawi sakhala nzika ya kumeneko cifukwa ca kubadwako. Lamulo limlola kupempha unzika atakwana zaka 18, ngati wakhala komweko cibadwire ndipo kubadwa kwace kunalembedwa. Makolo alembetse mwana msanga, nadziwitsenso kazembe wathu ku Pretoria kapena ofesi yace ya ku Johannesburg, kuti mwanayo angakule wopanda dziko lomuyesa wace.

"Wondiitanayo ati adzandiimira pa zonse."

Tsopano tifike pa funso la mai uja. M'maiko ambiri viza ya nchito imangidwa pa dzina la munthu mmodzi kapena kampani imodzi, amene abvomera pamaso pa boma kuti mlendoyu ali m'manja mwace. Ife tikamva cotero tiganiza za nkhoswe, ndipo mtima ukhala pansi, pakuti nkhoswe ya kwathu ndi mbale wako, woimira iwe pa mlandu. Koma nkhoswe ya kucilendo si mbale wako ai. Ndiye bwana wako yemweyo. Mukayambana, woweruza ndi wotsutsana nawe akhala pa mpando umodzi, ndipo ukacoka pakhomo pace viza yako itsala m'manja mwace.

M'maiko a Aluya a ku Gulf mwambo umenewu auti kafala. Mu March 2024 a BBC anaulutsa nkhani ya akazi a ku Malawi amene anapita ku Oman, atalonjezedwa nchito zabwino, nakapezeka akugwira nchito ya m'nyumba usana ndi usiku, mapasipoti ao atalandidwa, ena akumenyedwa ndi kucitidwa zamanyazi. Wothawa pakhomo pa bwana ankayesedwa wolakwira lamulo, ndipo mabwana ankafuna kubwezeredwa ndarama zimene analipira kwa ejenti asanammasule. Mai Pililani Mombe Nyoni, Mmalawi wokhala ku America, anasonkhanitsa akaziwo pa WhatsApp kuti mau ao amveke, ndipo boma lathu linanena kuti linataya madola oposa 160,000 pobweza akazi 54. Kumbukiraninso kuti ku Muscat kulibe nyumba ya kazembe wa Malawi yoti namwali angathawireko usiku. "Ndege yaulere" ija si mphatso. Ndiyo ngongole imene adzammanga nayo.

Ngakhale kumene boma lathu lidziwa za ulendo, cingwe cimeneci ciripo. Mu November 2023 anyamata ndi atsikana 221 ananyamuka kukagwira nchito m'minda ya ku Israel. Mu May 2024 Amalawi 12 anabwezedwa kuno, cifukwa anasiya minda nakalowa nchito pa nyumba yophika buledi. Sanabe kanthu, koma viza yao inali ya munda, ndipo anagwidwa pa ufa.

Za ku Britain, kumene ana athu ophunzira a ku Area 25 alakalaka, dziwani izi. Mwini nchito ayenera kukhala ndi laisensi ya boma, ndipo maina a makampani otere alembedwa poyera pa intaneti kuti ali yense aone. Kalata imene kampani ipereka kwa wanchito, Certificate of Sponsorship, si malonda ai. Mu March 2024 osamala okalamba analetsedwa kutenga mabanja ao, ndipo pa 22 July 2025 njira imeneyo inatsekedwa kwa ofunsira ali kunja. Tsono wakuuzani lero kuti mumpatse mamiliyoni akupezereni malo a "care" akugulitsani khomo lotsekedwa. Ndipo amene ali kale komweko, nchito ikatha kapena kampani ikalandidwa laisensi, kawiri kawiri apatsidwa masiku 60 okha kuti apeze nkhoswe yina, apo ai abwerere.

Kalata ya mbale yokuitanani kudzaceza ithandiza, koma silamulira kazembe. Iye ayang'ana ngati muli naco cokubwezani kwanu, monga nchito, banja kapena munda. Pa 20 August 2025 boma la America linayamba kufuna cikole kwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia opempha viza ya ulendo, madola 5,000 kapena 10,000 kapena 15,000, cobwezedwa ngati munthu aturuka pa nthawi yace. Ndipo mu December caka comweco linaika Malawi m'gulu la maiko amene nzika zao zicepetsedwa maviza a alendo ndi a ophunzira. Cifukwa cacikuru cimene ananena ndico kucuruka kwa opitiriza masiku. Wochona mmodzi atsekera khomo a msuweni ace onse.

Tisaiwale kuti ifenso tiri eni khomo kwa ena. Bambo wina anandifunsa, "Mwana wanga wakwatiwa ndi mnyamata wa ku Burundi, kodi mkamwiniyo tsopano ndi Mmalawi?" Iai, ukwati wokha supatsa unzika, ayenera kufunsira ku Immigration ndi kuyembekeza yankho. Boma lathu lifuna kuti othawa nkhondo akhale ku Dzaleka, m'boma la Dowa, msasa wotsegulidwa m'caka ca 1994, umene tsopano usunga anthu oposa 50,000, kupambana kutali ciwerengero cimene anaukonzera. Mu May 2023 tinaona ndi maso athu apolisi akutenga anansi athu amene ankacita malonda pa Mgona ndi kwina, pamodzi ndi ana obadwira konkuno, olankhula cinenero cathu monga ife, kuwapereka ku ndende ya Maula ndi pambuyo pace ku Dzaleka. Ena a ife anaomba m'manja tsiku lija. Ine sindinaombe, pokumbukira mabasi amene anabweza abale athu othawa zipolowe za ku Durban m'caka ca 2015. Kwa machona athu ndionjeze kuti mu December 2018 Nyumba ya Malamulo inabvomereza unzika wa maiko awiri, cotero khomo la kwao silinatsekeke kwa iwo.

Tsono inu makolo, mwana asananyamuke, khalani naye pansi monga mucita pa cinkhoswe, ndipo mufunse. Mwini nchito ndani, dzina lace ndi malo ace? Pangano liri kuti, ndipo linena malipiro angati, maora angati, tsiku lopuma liti? Viza yodindidwayo ndi ya nchito kapena ya mlendo? Mwana akafuna kuleka, ndege yobwerera alipira ndani? Ejentiyo ali nayo ofesi yoti mungalowemo ndi miyendo yanu? Tengani dzina lace mukafunse ku ofesi ya Leba ngati amdziwa. Akuru anati safunsa anadya phula. Pasipoti ijambulidwe, ndi viza yomwe, ndi pangano, zitsale m'bokosi la kunyumba. Ndipo mwana asunge pamtima nambala ya foni imodzi ya kwao, cifukwa foni ndiyo alanda poyamba.

Dziwaninso kuti dziko lathu liri nalo lamulo loletsa malonda a anthu, la caka ca 2015. Wotenga munthu ndi cinyengo kukampereka ku ukapolo akhoza kumangidwa zaka 14, ndipo akakhala mwana zaka 21. Kunena kuti "anabvomera yekha" sikupulumutsa wolakwayo. Lamulo limeneli siliyang'ana cibale. Kawiri kawiri wokopa namwali si mlendo, koma azakhali ace kapena mnzace wa pa sukulu, amene alandira kanthu pa mutu uli wonse.

Mai wa ku Chinsapo uja tinalemba naye mafunso anai, natumiza kwa munthu wa pa foni. Tsiku loyamba anayankha kuti mai alibe cikhulupiriro, ndi kuti atsikana ena ambiri alikulirira malo amenewo. Tsiku laciwiri anati pangano adzaliona namwali akafika. Tsiku lacitatu nambala yace inaleka kulira. K150,000 ija yapita, ndi makina osokera omwe. Nkhani anakaitula ku polisi. Namwaliyo akandiona pa mseu apotolokera kumbali, pakuti ati ndine ndinamtsekera mwai wace, ndipo mnzace amene ananyamuka mu mwezi wa June anatumiza kale cithunzi ali m'nyumba ya magalasi. Mai ace a mnzaceyo ati papita masabata asanu ndi limodzi osamva mau ace. Pasipoti iri m'bokosi la mai, pansi pa nsaru za ku maliro, ndipo kiyi ayenda nayo m'khosi.